Kusankha Laputopu Yogwirira Ntchito za Tsiku ndi Tsiku

Laputopu tsopano ili m'gulu la zida zimene anthu amadyera. Mphunzitsi amalembapo mayeso ndi kusungapo malikisi a ana, wowerengera ndalama amayendetserapo mabuku a kampani, mlangizi wa zaulimi amatumizirapo malipoti ku likulu, ndipo wamalonda amalembapo mitengo ya katundu wake. Chida chimenechi chikaima, ntchito nayo imaima, ndipo nthawi zina malipiro amaima nayo limodzi. Ngakhale zili choncho, ogula ambiri amasankha mothamanga. Amayang'ana kunyezimira kwa chivundikiro, kukula kwa sikirini ndi kachizindikiro kolembedwa kuti Core i7, kenako n'kutulutsa ndalama zimene akhala akusunga kwa miyezi yambiri. Mfundo ya mutu uno ndi imodzi: laputopu yabwino yogwirira ntchito ndi imene idzakutumikirani zaka zambiri, mosakudikiritsani, m'dera limene mukukhala ndiponso ndi magetsi amene muli nawo. Choncho ndalama zanu zipite ku zinthu zinayi zimene sizionekera patali, zomwe ndi RAM yokwanira, SSD, batire lamoyo, ndi kapangidwe kolola kuti mbali yowonongeka isinthidwe. Zina zonse zibwere pambuyo pa zimenezi.

Yambani ndi ntchito yanu

Tsiku la munthu wa mu ofesi limathera pa zinthu zodziwika: kulemba mu Word, kuwerengera mu Excel, kuyankha maimelo, kutsegula masamba a pa intaneti, kuwerenga mafayilo a PDF, ndi kulowa m'misonkhano ya pa Zoom kapena Teams. Pa ntchito zonsezi palibe imene imafuna purosesa yamphamvu koopsa. Aliyense angathe kudzionera yekha. Tsegulani Task Manager pa kompyuta ya Windows muli mkati molemba kalata, ndipo mudzaona kuti purosesa ikugwiritsa ntchito kagawo kakang'ono chabe ka mphamvu zake, pamene RAM ili pafupi kudzaza, ndipo pa makina akale disiki imakhala itafika pa 100 peresenti. Kuchedwa kumene anthu amadandaula nako, koyembekezera mphindi zingapo kuti kompyuta iyake kapena kuti fayilo itseguke, kumachokera kumeneko. Nkhani imasintha kwa munthu wokonza mavidiyo kapena wojambula mapulani a nyumba ndi AutoCAD, pakuti iyeyo amafunikadi makina amphamvu okhala ndi khadi yapadera ya zithunzi. Koma mlembi akagula laputopu yopangira masewero poganiza kuti wagula yabwino koposa, amakhala walipira mphamvu zimene sadzazigwiritsa ntchito, ndipo pamwamba pake wasenza cholemera kupitirira makilogalamu awiri, chaphokoso, chimene batire lake limatha msanga.

Dzina la purosesa silinena zonse

Chinthu chimene chimasokoneza ogula ambiri ndi dzina la purosesa. Kampani ya Intel inayamba kugwiritsa ntchito dzina la Core i7 mu 2008, ndipo i5 ndi i3 zinatsatira posakhalitsa. Kwa zaka zambiri mayinawa anabwerezedwa pa m'badwo uliwonse wa mapurosesa, moti mawu akuti i7 paokha sakuuzani ngati makinawo ndi a chaka chatha kapena a zaka khumi zapitazo. Chimene chimaulula msinkhu ndi nambala yotsatira. Purosesa ya i7-3520M ndi ya m'badwo wachitatu, ya mu 2012. Ya i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, ya mu 2017. Ndipo ya i5-1135G7 ndi ya m'badwo wa 11, ya mu 2020. Kusiyana kwake si kwapang'ono. Purosesa ya i7-7500U ili ndi zigawo ziwiri zogwira ntchito, zotchedwa core, pamene i5-8250U, imene inatuluka chaka chotsatira, ili nazo zinayi, ndipo pa ntchito zambiri imaiposa i7 ija. Wogulitsa akamakweza mtengo chifukwa choti "iyi ndi i7," mufunseni nambala yonse. Pa ntchito za mu ofesi, Core i5 kapena AMD Ryzen 5 ya m'badwo waposachedwa ndi yokwana bwino lomwe, ndipo ngakhale i3 yatsopano imagwira ntchito zimenezi mosavuta.

RAM ndi SSD

Ogulitsa amakonda kutama kukula kwa disiki, n'kumati laputopuyi ili ndi malo okwana 1 TB. Koma disiki ili ngati nkhokwe, pamene RAM ili ngati lichero: nkhokwe ingakule bwanji, chimanga chimene mungapete nthawi imodzi ndi chokwana m'lichero basi. Pulogalamu iliyonse yotsegulidwa ndi tsamba lililonse la pa intaneti zimatenga malo mu RAM, ndipo ikadzaza, kompyuta imayamba kubwereka malo pa disiki, komwe zinthu zimayenda mochedwa kwambiri. Microsoft imati Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, koma mlingo umenewo ndi wongokwanira kuti makina ayake. Munthu amene amatsegula Chrome, Excel ndi Zoom nthawi imodzi asatsike pansi pa 8 GB, ndipo ngati thumba likulola atenge 16 GB. Mtundu wa disiki nawo ndi wofunika kuposa kukula kwake. Hard disk yachikale ili ndi timbale tozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga. Imasuntha pafupifupi 100 MB pa sekondi. SSD wamba imafika pa 500 MB, ndipo ya mtundu wa NVMe imapitirira pamenepo kangapo. Chinanso n'chakuti SSD ilibe chozungulira mkati, choncho imapirira kugwedezeka kwa minibasi ndi kabaza pa misewu ya maenje, kumene kumapha ma hard disk ambiri pamodzi ndi mafayilo ake. Makalata ndi matebulo a Excel satenga malo ambiri, motero SSD ya 256 GB imamuthandiza wogwira ntchito kuposa hard disk ya 1 TB.

Batire ndi magetsi a kwathu

Mabuku ambiri olangiza za makompyuta amalembedwa m'mayiko momwe magetsi sazima, ndipo batire amaliona ngati chinthu cha apaulendo okha. Kwathu kuno batire ndi gawo la ntchito yeniyeniyo. Magetsi ambiri a ku Malawi amachokera ku mtsinje umodzi wa Shire, m'malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yopitirira chaka. Ku Zambia chilala cha 2024 chinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, ndipo anthu ankakhala maola ochuluka pa tsiku opanda magetsi. M'malo otere, laputopu imene imazima mukangoichotsa pa soketi ndi yopanda phindu ngakhale ikhale yothamanga chotani. Kukula kwa batire kumayesedwa ndi Wh, ndipo malaputopu ambiri a mu ofesi amakhala pakati pa 40 ndi 60 Wh. Batire la lithium limafooka likamakalamba, choncho pogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito, lembani mawu akuti powercfg /batteryreport mu Command Prompt. Lipoti lotulukalo limaonetsa mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo. Ngati yatsika kufika theka, mtengo wa batire lina uwerengedwe pa mtengo wa laputopu. Ganiziraninso za tchaja. Ya laputopu ya mu ofesi imakoka 45 kapena 65 W, imene sola yaing'ono kapena inverter ingakwanitse, pamene ya masewero imakoka 150 W kapena kuposa. Laputopu yotchajidwa ndi USB-C ili ndi ubwino wina, woti tchaja ikapsa ina imapezeka mosavuta. Mayiko a European Union anafika pokhazikitsa lamulo loti kuyambira Epulo 2026 malaputopu atsopano ogulitsidwa kumeneko azitchajidwa motero.

Chokonzeka chimakhalitsa

Palibe laputopu imene siwonongeka. Funso ndi lakuti ikawonongeka, kodi wokonza makompyuta wa m'tauni yanu angaitsegule n'kupeza chosinthira? Apa ndi pamene malaputopu opangira makampani amaposa opangira kunyumba. ThinkPad, imene IBM inayamba kupanga mu 1992 ndipo Lenovo inaitenga mu 2005, komanso Dell Latitude ndi HP EliteBook kapena ProBook, amagulidwa ambirimbiri ndi mabanki, masukulu ndi maboma. Ogula oterewa safuna makina ovuta kukonza, n'chifukwa chake opanga amalimbitsa mahinji ndi chivundikiro, amatseka pansi ndi masikuluwu wamba, ndipo amaika pa intaneti mabuku ofotokoza mmene mbali iliyonse ingachotsedwere. Popeza makinawa ndi ochuluka padziko lonse, makiyibodi, masikirini ndi mabatire ake nawonso ndi osasowa. Malaputopu ambiri opyapyala ali ndi RAM yowotchereredwa ku bolodi, moti 4 GB imene mwagula lero ndi imene mudzakhale nayo mpaka makinawo atatha. Nkhani imeneyi ndi yaikulu kwa ife chifukwa malaputopu onse amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsatira dola. Ndalama ya kwacha ya Malawi itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo. Munthu amene makina ake amalola kusintha batire, kuwonjezera RAM ndi kupukuta fumbi la chilimwe m'fani amapulumuka ndi ndalama zochepa, pamene mnzake akukakamizika kugula laputopu ina yathunthu.

Zimene manja ndi maso zimakhudza zisaiwalike, pakuti munthu amakhala nazo maola ambiri tsiku lililonse. Sikirini ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya 1366 x 768, ndipo zimenezi zimatanthauza zilembo zooneka bwino ndi mizere yambiri ya Excel pa nthawi imodzi. Sikirini yosanyezimira imathandiza m'chipinda chowala kwambiri kapena pakhonde. Kukula kwa mainchesi 14 kumayenera amene amanyamula laputopu tsiku ndi tsiku, pamene wowerengera ndalama angakonde ya mainchesi 15.6 chifukwa nthawi zambiri imakhala ndi mabatani a manambala pambali. Kiyibodi iyesedwe polembapo ndime yathunthu, ndipo malo olumikizira aonedwe: HDMI ya pulojekita ya kumsonkhano, ndi USB yaikulu ya fulashi ndi makina osindikizira amene maofesi athu ambiri akugwiritsabe ntchito.

Malire a makina akale

Kutama makina olimba ogwiritsidwapo kale ntchito sikutanthauza kuti chakale chilichonse n'choyenera kugula. Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, kupatula kwa amene analowa m'ndondomeko yowonjezera nthawi. Kompyuta imene sikulandira zokonza za chitetezo imakhala yotseguka kwa akuba a pa intaneti, ndipo munthu amene amalowerapo ku banki kapena amasungapo zinsinsi za makasitomala sangaitenge nkhaniyi mopepuka. Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, imafuna chipangizo cha chitetezo chotchedwa TPM 2.0, ndipo mwachidule imalandira mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8 ndi a AMD Ryzen a malaputopu kuyambira gulu la 3000. Mzere wodulira uli pamenepo. Pali njira zokakamizira Windows 11 pa makina akale, ndipo ogulitsa ena amachita zimenezi kuti katundu aoneke watsopano, koma Microsoft siilonjeza kuti makina otere azilandira zokonza. Musakhutire ndi chithunzi cha Windows 11 pa sikirini; onani nambala ya purosesa. Amene ali kale ndi laputopu yakale yoyenda bwino angathe kuikamo Linux Mint kapena Ubuntu pamodzi ndi LibreOffice, zomwe ndi zaulere, malinga ngati ntchito yake sidalira pulogalamu yoyenda pa Windows pokha.

Zimene ena anganene

Wina anganene kuti chatsopano n'chatsopano, chili ndi chitsimikizo cha wopanga, ndipo chogwiritsidwapo kale ntchito chimabisa matenda. Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo amene angakwanitse kugula laputopu yatsopano yokhala ndi zinthu zinayi zija aigule. Vuto limabwera pamene ndalama zili zochepa, chifukwa pa mtengo wotsika chatsopano chimene chimapezeka kawirikawiri ndi laputopu ya purosesa ya Celeron, RAM ya 4 GB yosachotseka, ndi chosungira cha eMMC cha 32 kapena 64 GB chimene Windows yokha imatsala pang'ono kuchidzaza. Makina otere amakhala ochedwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo chitsimikizo sichichiritsa kuchedwa. Komanso chitsimikizo chimagwira ntchito ngati pali woti achikwaniritse pafupi. Laputopu yogulidwa ku Dubai kapena ku Johannesburg ikavuta, mwini wake angauzidwe kuti aibwezere komweko. Pa ndalama zofanana, makina a kampani a zaka zochepa, ogulidwa kwa wogulitsa wokhala ndi sitolo yodziwika amene walemba pa lisiti miyezi ya chitsimikizo chake, amagwira ntchito bwino kuposa chatsopano chofooka.

Wina anganene zosiyana ndi zimenezi, kuti ndi bwino kugula yamphamvu koposa kuti isadzathe ntchito m'tsogolo. Koma chimene chimapha malaputopu kawirikawiri si kuchepa mphamvu kwa purosesa. Amafa ndi hinji yothyoka, tiyi wotayikira pa kiyibodi, batire lotupa, magetsi obwera mwamphamvu atazima, kapena wakuba. Purosesa yodula siteteza ku chilichonse cha zimenezi. Ndalama yotsalayo ingagwire ntchito yaikulu ikagula chotetezera ku magetsi amphamvu, chikwama cholimba, ndi disiki yakunja yosungirapo makope a mafayilo, pakuti laputopu ikatayika ina imagulika koma malipoti a zaka zisanu sagulika. Palinso wonena kuti iye alibe ndalama zosankhira, adzatenga yotchipa imene waipeza. Kwa iyeyu masamu ndiwo ayankhe. Tiyerekeze kuti laputopu ya K500,000 yatha pa zaka ziwiri, pamene ya K800,000 yagwira ntchito zaka zisanu. Yoyambayo yamudyera K250,000 pa chaka, yachiwiriyo K160,000. Wosauka ndi amene sangakwanitse kugula kawiri, choncho kudikira miyezi ingapo kuti ndalama zikwane, kapena kugula makina olola kuwonjezera RAM m'tsogolo, ndi nzeru yoposa kuthamangira chotchipa.

Nanga MacBook ndi Chromebook? Kuyambira pamene Apple inatulutsa purosesa yakeyake ya M1 mu Novembala 2020, MacBook Air yakhala ndi batire lokhalitsa kwambiri, ndipo m'dziko la magetsi ozimazima umenewo ndi ubwino weniweni. Koma RAM ndi SSD zake sizisinthika, zosinthira zake n'zodula ndiponso zosowa kunja kwa mizinda ikuluikulu, ndipo mapulogalamu ena a maofesi amayenda pa Windows pokha. Chromebook, imene inayamba kugulitsidwa mu 2011, ndi yotchipa ndiponso yosavuta kusamalira, koma inapangidwa poganizira munthu amene ali pa intaneti nthawi zambiri, ndipo kumene mabandulo ali odula phindu lake limachepa. Zonse ziwiri zili ndi malo ake, koma muyeso ndi womwewo: kodi makinawa adzagwira ntchito yanu, kumene inu muli, kwa zaka zingati?

Musanapereke ndalama

Mfundo zonsezi zimafika pa mphindi zochepa zimene wogula amakhala ndi laputopu m'manja asanalipire. Iyatseni nokha. Mu Task Manager onani nambala ya purosesa, kuchuluka kwa RAM, ndiponso ngati disiki ndi SSD, chifukwa zolembedwa pa pepala lomatidwa pa chivundikiro zingasiyane ndi zimene zili mkati. Tulutsani lipoti la batire, chotsani tchaja, ndipo muone mmene mphamvu ikutsikira. Dinani batani lililonse, yesani kamera, maikolofoni, Wi-Fi ndi malo onse olumikizira, ndipo tsegulani ndi kutseka chivundikiro kuti mumve ngati mahinji ali olimba. Lowani mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito makina akangoyaka, kuti mutsimikize kuti mulibe mawu achinsinsi a mwini wakale, ndipo ngati makina akupempha kuti mulowe ndi akaunti ya kampani ina, asiyeni. Nambala ya siriyo ya pansi pa laputopu ifanane ndi ya mu BIOS, ndipo ilembedwe pa lisiti. Dell, HP ndi Lenovo ali ndi masamba a pa intaneti pomwe nambalayo imaonetsa mtundu ndi msinkhu weniweni wa makina. Laputopu yogulitsidwa pamsewu pa mtengo wotsika modabwitsa, yopanda tchaja ndi lisiti, ikhoza kukhala yakuba, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu. Wogulitsa wokhulupirika sakana kuti muyese katundu wake. Wokukanizani kuyesa, kapena wokufulumizitsani, musagule kwa iye.

Choncho, owerenga, musanapite kukagula, lembani papepala ntchito zimene mumagwira tsiku ndi tsiku ndi ndalama zimene muli nazo. Kenako funani laputopu ya Core i5 ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena Ryzen 5 yofanana nayo, RAM yosachepera 8 GB, SSD yosachepera 256 GB, batire lamoyo, ndi mtundu umene okonza a m'dera lanu amaudziwa. Mukapeza yokwaniritsa zimenezi pa mtengo umene mungakwanitse, iguleni ngakhale isakhale yonyezimira, ndipo ndalama zotsalazo muzitetezere ntchito yanu.